Kodi mawu a achinyamata otuluka ku premiere tiziwakhulupirira?

Nachisale_Cosmo:

Moni nonse. Ndili ndi funso kwa inu otsata za mafilimu, makamaka achinyamata a pagulu pano, chifukwa kunyumba kwanga kwabuka kamkangano kosatha.

Ndimakhala ndi mwana wa achemwali anga, mnyamata wa zaka 17. Mwezi wathawu mnzake anawina matikiti awiri pa mpikisano wa pa Instagram, okaonera premiere, chionetsero choyamba, cha filimu ina ya ku Joni konkuno, ndiye anamutenga iyeyo. Dzina la filimuyo sinditchula, eni ake anakhetsa thukuta, asamve kuti mayi wina wa ku Ntcheu akuwanyoza. Chionetsero chinali Lachinayi usiku koma mwana anayamba kukonzeka Lamulungu. Nsapato kuzitsuka ndi mswachi, jekete kukabwereka kwa mnzake ku Diepsloot, ometa kuwabwerera chifukwa akuti mzere wa pachipumi unakhota. Anafika pakhomo pakati pa usiku pa Uber yolipira ine, mawu atasasa. Akuti, "Anti, filimu ngati imene ija sinapangidwepo mu Africa muno." Ine ndikuti chabwino, nkhani yake ikuti chiyani? Akundionetsa chithunzi chimene wajambulitsa ndi mtsikana wa m'filimumo. Ndikuti ndaona, koma nkhani yake? Akundionetsa kavidiyo ka anthu akukuwa pa kapeti yofiira.

Poti anaitama chonchi, Loweruka la sabata yotsatira ndinatseka saluni msanga n'kutenga ana anga kukaionera. Mukudziwa mmene mitengo ilili masiku ano, tikiti imodzi yokha kupitirira R100, kuwonjeza mbuliwuli ndi zakumwa, kuwonjeza takisi. Muholo munali anthu owerengeka. Wamng'ono anagona filimu isanafike pakati, wamkulu anangoti maso pa foni. Sindikuti inali yoipa ayi, osewera anayesetsa ndipo zithunzi zinali zokongola, koma nkhani inkayenda mokwawa, munthu kutsegula chitseko kokha mpaka iwe kuyasamula. Nditamuuza mnyamata uja anangoti, "Anti, munapita tsiku lolakwika."

Nanga filimu imasintha ndi tsiku? Ana amenewa akamatuluka akukuwa kuti ndi moto, amakhala akunena zoona kapena ndi magetsi a makamera amawasokoneza mutu?

Kaphiri_Yeoville:

Achemwali, ndaseka pa mzere wa pachipumi. Ine ndinagwirapo ntchito m'malo oonetsera kanema kuno, poyamba kusesa maholo, kenako kuyang'ana matikiti pakhomo, ndiye ndikuuzeni mmene ndinkazionera.

Choyamba dziwani kuti ku premiere anthu ambiri salipira. Muholo mumadzaza osewera m'filimumo, abale awo, amene anathandiza ndi ndalama, atolankhani, aja otchuka pa TikTok, ndi ana owina mipikisano ngati mnzake wa mwana wanuyo. Pakhomo alandira chakumwa chaulere, mbuliwuli waulere. Filimu isanayambe wotsogolera aimirira kutsogolo, athokoza mayi ake, mwina akhetsa msozi. Ikatha, pakhomo pali mnyamata wa kamera akufunsa aliyense kuti tanenani mawu amodzi. Ndani angati yatopetsa, mwini filimu ali chilili kumbuyo kwake? Zili ngati ku ukwati, wadya mpunga ndi nkhuku, sungatuluke n'kumati mkwatibwi sanatchene.

Ndipo phokoso limenelo silimangochitika, likufunika. Kuno mafilimu atsopano amayamba kuonetsedwa kwa anthu onse Lachisanu. Eni malo amayang'ana matikiti amene agulidwa kuyambira Lachisanulo mpaka Lamulungu. Ngati anthu sanabwere, sabata yotsatira filimuyo aisunthira muholo yaing'ono kapena aipatsa nthawi ya m'mawa pomwe aliyense ali kuntchito, malo abwino apatsa ya ku America. Filimu ya konkuno ilibe ndalama zoika zikwangwani pa M1, ndiye chida chake ndi ana amenewo ndi mafoni awo. Tividiyo tawo tikafalikira Lachinayi usiku, mwina Loweruka muholo mudzaza.

Ife osesa tinali ndi sikelo yathu. Filimu ikakhala yogwira mtima, magetsi akayaka umapeza mabokosi a mbuliwuli ali pakati, anthu anaiwala kudya, ndipo kuchimbudzi kumakhala mzere ikangotha chifukwa aliyense anapirira. Ikakhala yofoira, mabokosi ali mbee, chitseko chimangoti tsegu tseku nthawi yonse, ndipo ukasuzumira m'kati umaona timagetsi ta mafoni ponseponse. Mukafuna zoona funsani munthu amene watuluka Lamulungu madzulo atalipira za m'thumba mwake.

Tadala_UJ:

Anti, pepani ndilowererepo kumbali ya mnyamatayo, chifukwa a Kaphiri atiweruza tonse ngati tinagulidwa ndi chakumwa chimodzi.

Ine ndimaphunzira pa yunivesite ya UJ ku Auckland Park ndipo kukakhala mwayi wa chionetsero choyamba sindiuphonya. Sitimanama. Chimene timanena pakhomo paja ndi chimene tamva m'thupi nthawi imeneyo, ndipo muholo modzaza filimu imakhaladi ina. Mwachitsanzo, mafilimu ambiri a kuno amasakaniza Chizulu, Chisutu, Chingerezi ndi chilankhulo cha mumsewu. Ine Chizulu ndimamva cha mu takisi basi. Nthabwala ikadutsa, mawu olembedwa pansi aja amaipha, imangokhala chiganizo wamba. Koma anthu mazana akaphulika ndi phwete nthawi imodzi, nawenso umaigwira, umaseka nawo, ndipo chotsatira umachimvetsera mwatcheru. Inuyo munakaonera muholo mopanda anthu, nthabwala zomwezo zinangogwa pansi popanda wozitola. Malo amene inu munayasamula, Lachinayi lija mwina kunali mluzu chifukwa wotsegula chitsekoyo anali atakhala pa mzere wachitatu, anzake akumugwedeza mapewa.

China chimene akuluakulu simuchiwerengera: ife timakondwa kuona malo amene timawadziwa. Nyumba ya Ponte ikatulukira pa chinsalu chachikulu, kapena mlatho wa Nelson Mandela umene ndimawoloka wapansi kuchokera ku Bree, mtima umagunda mwina. Malo amene dzulo unathamangitsidwa ndi mvula, lero akuoneka ngati kunja. Zimenezo si nkhani ya filimu, ndikuvomera, koma ndi zimene zimatituluka pakamwa poyamba.

Maganizo enieni amabwera mawa lake pa gulu la WhatsApp. Kumeneko ndiye timang'amba: nyimbo inaphimba mawu, mtsikana uja analira osatulutsa misozi, mathero anathamangitsa. Mufunseni mnyamatayo pakapita masiku, osati atangotsika Uber.

Ngati akondadi mafilimu, osati kapeti yokha, mumulole apite ku The Bioscope, kamalo kakang'ono koonetsera mafilimu kamene kanachoka ku Maboneng n'kupita ku 44 Stanley, ku Milpark. Kumeneko ndi ku Joburg Film Festival nthawi zina opanga filimu amakhala kutsogolo ikatha n'kuyankha mafunso. Ndinaonapo mtsikana wa sukulu akufunsa wotsogolera filimu kuti n'chifukwa chiyani amayi onse m'nkhani yake ali kukhitchini. Bamboyo anamwa madzi kaye asanayankhe.

Nachisale_Cosmo:

Tadala mwanangu, ndamva. Koma ndalama yanga ija inali yeniyeni, sinali ya m'thupi nthawi imeneyo.

Mtchona_Fourways:

Ndikupatseni moni ana inu. Ine ndine wamkulu pano, ndinakulira ku Ndirande nthawi ya mavidiyo sho, benchi ya thabwa, chinsalu chakuda pakhomo, mnyamata akulemba ndi choko pa bolodi kuti lero kuli karate. Kumenekonso wotuluka koyamba ankanama kuti mkulu wa nkhondo wapha anthu chikwi, ife n'kukaba makobidi a makala kuti tikaone. Choncho khalidweli silinayambe ndi Instagram.

Koma a Kaphiri, nthawi zina phokoso limakhala loona. Mu February 2018 ndinkagwira ntchito mu lesitilanti pafupi ndi Montecasino pomwe kunachitika premiere ya Black Panther. Kunabwera Lupita Nyong'o, Danai Gurira, John Kani ndi Connie Chiume. Chimene ndinaona usiku umenewo sindinachionepo ku Fourways: achinyamata amene masiku onse amavala ngati a ku New York anatulukira atavala mikanda ya Chindebele, mabulangete a Chisutu, nsalu za Chixhosa, ena zikopa. Analowa mwathu usiku kudzadya akukuwa, akupingasa manja pachifuwa, ena akutsanzira Chixhosa chimene anamva m'filimumo. Ine ndinati aa, ndi chimwemwe cha tsiku limodzi ichi. Koma masabata anadutsa maholo akudzazabe, anthu akulipira okha, mipingo ndi masukulu kubwera pa mabasi.

Ndipo ambiri a inu simudziwa kuti mayi Connie Chiume, amene anasewera ngati mmodzi wa akuluakulu a mafuko m'filimumo, bambo awo anali Mmalawi wa ku Nkhata Bay. Anabadwira ku Welkom mu 1952 ndipo anatisiya mu August 2024 konkuno ku Johannesburg. Nditamuuza mwana wanga wamwamuna zimenezi, mwana wobadwira ku Tembisa amene ankachita manyazi kuyankha Chichewa pamaso pa anzake, anakauza kalasi yonse. Kenako anawauza amayi ake kuti amusokere shati ya chitenje. Chitenje chomwe chija ankati n'cha agogo.

Chimene chimandiwawa ndi china. Chaka chotsatira, 2019, inatuluka filimu ya William Kamkwamba, mnyamata wa kwa Wimbe ku Kasungu amene anapanga makina a mphepo, yojambulidwa kumudzi konko, anthu akulankhula Chichewa. Ife kuno tinaionera pa Netflix, ambiri pa foni, anthu asanu kuunjikana pa bedi m'kachipinda. Tinaseka katchulidwe ka Chiwetel Ejiofor, amene anasewera ngati bambo ake a William, inde, lilime linkamulemera bamboyo, koma pofika pa njala ija ya 2002 m'chipindamo munati zii, chifukwa ena a ife tinaima pa mizere ya chimanga imeneyo. Ndimaganiza kuti zikanakhala bwanji tikanaionera muholo, Amalawi a ku Rosettenville, Mayfair, Cosmo ndi Diepsloot titadzaza mipando yonse. Pamenepo ndikugwirizana ndi Tadala, holo ili ndi mphamvu yake. Mwana wa Nachisale wakuwira filimu ya eni dziko chifukwa ya kwawo sanaionepo pa chinsalu chachikulu.

MayiAwiri_Rosettenville:

Ine changa n'chachifupi. Asisi, musanatenge ana aang'ono muziyang'ana nambala ya msinkhu imene a Film and Publication Board, bungwe lounika mafilimu, amaika pa chikwangwani: A ndi ya aliyense, PG, 7-9PG, 10-12PG (PG ndi zofuna kuti makolo awongolere ana), kenako 13, 16 ndi 18. Zilembo za pambali zimanena chifukwa chake, V ndi zachiwawa, L ndi kutukwana, S ndi zogonana, H ndi zoopsa. Mnyamata wa zaka 17 sangakuuzeni zimenezo, iye waona jekete la mnzake. Mwina wamng'ono wanuyo anagona chifukwa filimuyo sinali ya msinkhu wake n'komwe.

Komanso nkhani ya mayendedwe. Ma premiere amatha usiku, takisi zitatha, sitima ya Gautrain itaweruka. Ine wanga sapita pokhapokha ndidziwe amene akubwera naye ndi amene akulipira.

Kaphiri_Yeoville:

Tadala, sindinati munagulidwa, ndati munadyetsedwa. Koma za funso la mtsikana wa sukulu lija ndagonja, ana ena amapitadi ndi maso.

Madala a ku Fourways, mwakhudza pamene pamandiyabwa. Zimene mukulakalakazo n'zotheka. Malo ambiri oonetsera kanema, a Ster-Kinekor ngakhale a Nu Metro, amabwereketsa holo kwa magulu, ndinkaona makampani ndi masukulu akuchita zimenezo. Chofunika ndi chilolezo cha mwini filimu, filimuyo ikhale yoti makina awo angaiwerenge, komanso ikhale ndi nambala ya msinkhu imene anena amayi a ku Rosettenville. M'mawa wa Loweruka kapena Lamulungu ndi pomwe maholo amakhala opanda anthu, ndiye kukambirana mtengo sikuvuta kwambiri. Mafilimu kwathu alipo. A Shemu Joyah ndi a Joyce Mhango Chavula anawinapo mphoto za mafilimu za AMVCA ku Nigeria, koma ana athu obadwira kuno mayina amenewa sawadziwa. Ife timasonkha ndalama za maliro mwezi ndi mwezi popanda kudandaula, timadzaza holo woimba wa kumudzi akabwera. Tingalephere mipando 150?

Ngati pali amene ali ndi njira yofikira opanga mafilimu ku Blantyre kapena ku Lilongwe, andilembere kumbali. Za holo ndikafunsa ine kwa anzanga amene adakali m'ntchitoyo. Tadala, iwe ndi anzako a ku UJ mudzagwire za makamera pakhomo, ndipo mwana wa a Nachisale adzakhale woyang'ana matikiti, jekete tidzamubwereka.