Fluoxetina sabata 5 palibe chasintha, ndikweze kapena ndisinthe?

Tekniku_Angonia:
Makolega ndithandizeni msanga, mutu waima. Ndili ndi mayi wa zaka 31, TOC (matenda a maganizo okakamiza munthu kubwerezabwereza zinthu) yosachita kufunsa, akagwira chitseko kusamba m'manja, munthu akamupatsa moni wa dzanja kusamba, mbale amatsuka kanayi mpaka nsima kuzizira ana akudikira. Manja ndawaona ndekha, ang'ambika m'mipata ya zala chifukwa akusambira Omo, ndipo madzi ndi akumjigo, ndowa 8 pa tsiku zambiri zothera m'manja momwemo. Mwiniwake akudziwa kuti nzopanda mutu, amalira pofotokoza, akuti ganizo loti apatsira mwana matenda silikumusiya. Pa Y-BOCS (fomu yoyezera kukula kwa TOC) ndinapeza 28. Ndinamuyamba fluoxetina 20 mg m'mawa, lero sabata ya 5, zili pomwepo. Asanafike kwa ine wina anamuika pa diazepam miyezi itatu, mpaka pano akumwabe usiku. Ali pa TARV (ma ARV), akumwa a TLD, karga viral (kuchuluka kwa kachilombo m'magazi) siikuoneka. Bambo wake, ndikunena mwamuna wake, watopa akuti timakapisozi tanuti ndi ufa chabe, Loweruka akupita naye kwa mneneri. Mlamu wake ali ku Tete akuti atha kusaka clomipramina, mankhwala ena a TOC, ku farmasiya ya praiveti atumize pa chapa. Ndiyiike pamwamba pa fluoxetina? ndisinthiretu? kapena ndikweze? Chonde musandiuze zoti ndimutumize kwa psikiatra, ndalama ya transipoti alibe

Nesi_Macanga:
Achimwene mukuvutikiranji, amitriptilina 25 usiku basi. Ndi banja limodzi ndi clomipramina yomwe mukuifunayo ndipo ili pashelefu pompo. Ine ndinapatsa mayi wina wotere anagona ngati mwana

Madala_Psiq:
Mwana wanga dekha kaye. Mankhwala sanalephere, iwe ndi amene wathamanga. 20 mg ndi dozi ya depresau (matenda a kukhumudwa), TOC imafuna yambiri ndipo imachedwa kuyankha, anthu ambiri amayamba kusintha pa 40 kapena 60, ena timafika nawo 80. Ndipo usanene kuti yakanika usanathe sabata 8 mpaka 12, mwa zimenezo sabata zosachepera 4 ali pa dozi yaikulu imene thupi lake likuilola. Iwe uli pa sabata 5 pa dozi yoyambira. Kweza ufike 40 tsopano, umuonenso pakatha sabata ziwiri kapena zitatu, ngati nseru, kusowa tulo ndi kunjenjemera sizikumuvuta pita 60. Clomipramina pamwamba pa fluoxetina AYI, ndalemba ndi zilembo zazikulu dala. Fluoxetina imatseka CYP2D6 (enzaimu ya m'chiwindi yophwanya mankhwala), clomipramina imaunjikana m'magazi, ukhala ndi khunyu kapena mtima kusokonekera ndipo ECG yoyezera mtima ulibe kumeneko. Ngakhale utasiya fluoxetina lero siituluka mawa, chotsalira chake chotchedwa norfluoxetina chimakhala m'thupi masabata, ndiye kusintha nakonso sikongodumpha.

Farmasiya_Moatize:
Madala anena zoona koma ndiwonjezere za kwathu kuno. Musanakweze kawerengeni kaye zomwe zili m'kabati. 60 mg ndi makapisozi atatu pa tsiku, 90 pa mwezi munthu mmodzi, ndiye mukalemba reseita osauza wa farmasiya mupeza mwamaliza gawo la odwala atatu. Zinandichitikira, ndinangoona bokosi latha pakati pa mwezi anthu a depresau akubwerera chimanjamanja, ine ndiye wotukwanidwa pawindo. Uzani mnzanu wa farmasiya aike pa rekizisau (oda ya mankhwala). Komanso clomipramina ya mlamuyo, mwezi uno agula, mwezi wa mawa agulanso? Inde ili pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunikira pa TOC, koma kukhala pa mndandanda sikufika m'manja mwa wodwala

Nesi_Macanga:
Ndiye nchifukwa chake ndikuti amitriptilina. Siisowa. Onse ndi a banja la tricíclico, tricíclico ndi tricíclico

Madala_Psiq:
Mana, ayi. Pa banja lonselo clomipramina yokha ndi imene imagwira TOC chifukwa imakoka kwambiri pa serotonina, azibale ake enawo satero. Mayi wanu uja anagona chifukwa amitriptilina imagonetsa, kodi atadzuka anasiya kusamba? Ndipo vuto la CYP2D6 ndi lomwelo, amitriptilina nayonso imaunjikana ikakumana ndi fluoxetina. Kuwonjezera apo mukuika m'nyumba ya munthu wotopa ndi moyo botolo loti akamwa lonse sadzuka.

Tekniku_Tsangano:
Mnzanga unamufunsa za mania usanayambe? Ndikufunsa chifukwa ine zinandiwotcha. Chaka china ndinali ndi bambo woyang'ana loko, amatseka chitseko kubwerera kukagwedeza, kupita kubwerera mpaka kakhumi, kumunda amafika dzuwa lili pamutu. Ndinamukweza mpaka 40 ndikudzitama kuti ndagwira ntchito. Sabata yachitatu mkazi wake akubwera akulira, bambo sakugona masiku anayi, agulitsa njinga ndi matumba a mbatatesi onse akuti akukagula galimoto ku Lilongwe, akulalikira pamsika osavala nsapato. Kufunsa bwino ndi pomwe ndikumva kuti mchimwene wake anadwalapo zomwezo, iyenso ali mnyamata anakhalapo ndi nyengo yotere. Funso la mphindi imodzi lomwe sindinafunse. Ndiye musanakweze funsani bambo wake payekha, anakhalapo masiku osagona koma ali ndi mphamvu, kulankhula kosatha, kumwaza ndalama. Funsaninso za maganizo odzipha ulendo uliwonse mukasintha dozi, makamaka achinyamata osafika zaka 25 koma ine ndimafunsa aliyense

Mzamba_Zobue:
Mwanayo akuyamwa? ndipo mayi ali pa njira yanji? Ndaona kangapo TOC ikuyamba munthu atangochira, maganizo onse pa mwana. Ngati akuyamwitsa sertralina imalowa pang'ono mumkaka kuposa fluoxetina. Ndipo wina asadzamusinthire paroxetina ngati pali zoti atenga mimba

Tekniku_Angonia:
Mwana ali ndi zaka 2 analeka kuyamwa, mayi ali ndi implante. Zinayambadi mwanayo ali wakhanda atagonekedwa ndi kutsegula m'mimba. Za mania ndinafunsa mayi yekha anakana, bambo sindinamufunse, zikomo achimwene ndimufunsa. Koma nanga diazepam? ndingomulanda?

Madala_Psiq:
Usamulande. Miyezi itatu tsiku ndi tsiku thupi lazolowera, ukadula kamodzi abwera akunjenjemera mwina kugwa khunyu, ndipo banja liti ndi fluoxetina yako yamupengetsa. Tsitsa pang'onopang'ono pa masabata angapo. Pa TOC diazepam siichita kanthu, imangophimba nkhawa. Ineyo sindingatsitse sabata yomweyo imene ndikukweza inayo, ukasintha ziwiri limodzi sudziwa yomwe yabweretsa vuto.

Klinika_Chifunde:
Poti mwatchula zokweza ndikuuzeni ya kwathu. Mnyamata wina anali pa fluoxetina 60, anabwera masana thupi moto, thukuta, kutsegula m'mimba, kubwebweta. Aliyense akuti malungo, TDR yoyezera malungo negativu, tibwerezenso negativu, wina ayamba kale kufuna artesunato. Ine pomugwira mwendo ndikukankha phazi m'mwamba ndinangoona likugunda lokha pa dzanja langa osaleka, maso ali psuu ana a diso atakula. Kufunsa mayi ake akutulutsa m'chitenje kapepala ka tramadol wogula pamsika chifukwa cha dzino. Síndrome serotoninérgica, serotonina kuchulukitsa m'thupi chifukwa tramadol yakumana ndi fluoxetina. Tinasiya mankhwala onse, soro (dripu), kumuziziritsa ndi nsalu zonyowa, diazepam apa ndiye inagwira ntchito yake, anapulumuka. Muuzeni mayiyo ndi bambo wake yemwe kuti tramadol ayi. Ndipo poti ali pa TARV, tsiku lina akadzapezeka ndi TB yosamva mankhwala akamuika pa linezolida a ku TB adziwe kuti akumwa fluoxetina, ziwirizo sizigwirizana. TLD payokha ilibe vuto lalikulu ndi fluoxetina

Nesi_Macanga:
Zonsezi mukunenazi ndi mavuto a fluoxetina yomweyo. Ine zaka 14 pa ntchito amitriptilina sinandichititsepo manyazi

Farmasiya_Moatize:
Mana inu mpaka liti kkkk

Psikologa_Tete:
Nonse mukukamba mapiritsi, palibe watchula ndowa 8 zija. Akutunga ndani? Ngati ndi bambo kapena mwana wamkulu ndiye banja lonse likudyetsa matendawa mosadziwa, chimodzimodzi akamafunsa kuti kodi ndayera iwo nkumati eee wayera, mtima umatsika mphindi zochepa kenako ganizo limabwera ndi mphamvu. Mankhwala akagwira bwino amachotsa gawo chabe, pa Y-BOCS kutsika ndi 35% timati wayankha, ndiye 28 wanuyo akafika 18 ndi chipambano koma munthu akusambabe. Chotsalacho ndi kumuzoloweza. Mukonsulta momwemo agwire chogwirira chitseko, akhale pansi manja pamiyendo osasamba, inu muli pompo, muzimufunsa nkhawa ili pati kuyambira 0 mpaka 10. Imakwera, amatuluka thukuta, ena amakutukwanani, koma mukadikira imatsika yokha ndipo iye amaona ndi maso ake. Yambani ndi chomwe akuchiopa pang'ono osati chimbudzi tsiku loyamba. Kunyumba achite tsiku lililonse. Omo achoke, sopo wamba ndi vaselina pa manjapo. Koma musamukakamize kapena kuuza bambo kuti abise madzi, ndinaonapo mwamuna wina atamva theka la malangizo nkukakhoma mgolo ndi loko, mkazi anathawira kwawo.

Tekniku_Tsangano:
Za mneneri musalimbane nazo mudzaluza. Ine ndimati pitani mukapemphere koma makapisozi apite nawo m'thumba. Choopsa ndi aja amati taya mankhwala onse wachira, chifukwa atayira limodzi ndi TLD. Muyimbireni bambo lisanafike Loweruka, mumuuze poyera kuti mankhwalawa amatenga miyezi iwiri itatu, mwina palibe anamuuzapo. Ndipo wina amuuze mayi za chilakolako cha m'banja kuti chimatha kutsika pa dozi yaikulu, sanena okha amangosiya kumwa

Madala_Psiq:
Ndipo akadzapeza bwino asasiye. Chaka chimodzi mpaka ziwiri akumwabe, kenako kutsitsa pang'onopang'ono. Ambiri anga anabwerera chifukwa pa mwezi wachinayi anati ndachira. Za risperidona pang'ono pamwamba tidzakambe ukadzatha sabata 12 pa dozi yokwanira, osati pano, ndipo pamenepo uyimbire psikiatra ngakhale pa foni.

Nesi_Macanga:
Mukadzatopa nazo 12 zanuzo mudzandipeza

Mzamba_Zobue:
Achimwene a ku Angónia Loweruka lija zinatha bwanji, anapita?

Klinika_Chifunde:
Pepani kupatutsa, alipo ali ndi fomu ya Y-BOCS ya Chipwitikizi yoti nditha kupulinta? yanga inanyowa ndi mvula mafunso atatu omaliza sakuwerengeka