Dzino langa lotafunira labooka: ndimatitse kapena ndizulitse?

Mayi wa ku Chinamwali:
Abale, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi zaka 41, ndipo mano atatu akumanzere anazulidwa kale, moti ndimatafunira kumanja kokha. Tsopano lalikulu lakumanjako labooka. Ndikamwa madzi ozizira limalasa mpaka m'khutu, koma posakhalitsa limaleka. Dzulo mwana wanga anandigulira chimanga chootcha, ine kungochigwira m'manja mpaka kuzizira. Maulendo atatu onse aja ankangoti "tizule mayi", osajambula n'komwe. Kodi dzino lililonse lopweteka n'lozula? Likachoka ili ndizidya ndi chiyani?

Wa mano, Matawale:
Pepani mayi. Ntchito yanga ndi yomweyi. Sindingagamule ndisanakuoneni m'kamwa, koma mwati ululu umabwera ndi madzi ozizira n'kutha msanga, ndipo zimenezo zikundipatsa chiyembekezo. Kawirikawiri zikatero mtsempha wa m'kati umakhala ukadali bwino: timakokota chowolacho n'kumata, basi.

Likayamba kupweteka lokha usiku, likugunda ngati mtima, ndiye kuti mtsempha wakhudzidwa. Apo kumata kokha sikuthandiza. Pamafunika root canal, kuchotsa mtsemphawo, kutsuka m'mizu n'kutseka. Imeneyo ine ndimatumiza kwa dokotala wamkulu wa mano, chifukwa dzino lakumbuyo limakhala ndi mizu iwiri kapena itatu, ina yopindika, ndipo popanda X-ray n'kungoyenda mumdima.

Lomwe sindilimbana nalo ndi lothyokera pansi pa nkhama, long'ambika mpaka ku muzu, kapena logwedera chifukwa fupa linadyeka. Limenelo kulisunga n'kungokudyerani ndalama. Koma lanuli, poti ndi lomwe latsala lotafunira, ine ndingalimenyere nkhondo. Pitani ku Zomba Central sabata ino, mukanene momveka kuti mukufuna alione kaye ngati lingamatike.

Bambo wa ku Thondwe:
Mayi, musachedwe ngati ine. Ndinkangomwa panado, ululu unadzatha wokha, ine n'kumati ndachira. Osadziwa kuti dzino lafa. Patapita miyezi tsaya linatupa, pakamwa osatsekuka, ngakhale supuni ya phala osalowa. Ndinagonekedwa, ndipo dzinolo linapitabe.

Wa mano, Matawale:
Zimene anena bambowa n'zoopsa ndithu. Kutupa kukatsikira kukhosi kapena kukwera kudiso, kumeza kukamavuta, thupi likutentha, musadikire kuti kuche. Chimodzimodzi chilonda cha m'kamwa chosapola milungu iwiri, kapena dzino lakumapeto lomera chogona: zimenezo zikavuta kuno timazitumiza ku Queens, ku Blantyre. Ndipo mayi, ngati muli ndi shuga kapena BP, mukawauze asanakugwireni.

Mayi wa ku Chinamwali:
Zikomo nonse. Usiku silinandidzutsepo ayi. BP ndili nayo, ndikatenga kabuku kanga ka kuchipatala. Lolemba ndilawirira minibasi yoyamba.