Kodi boneti ya zibowo ingalowetse mvula yowononga injini?

Wofunsa: Akuluakulu a pa gulu lino, ndithandizeni maganizo chifukwa mtima wanga suli m'malo. Ndinachotsa boneti imene galimoto yanga inabwera nayo n'kuikapo ina yopepuka, yokhala ndi zibowo zotulutsira mpweya wotentha. Dzulo kunagwa mvula yamphamvu galimotoyo ili panja, ndipo m'mawa uno ndapeza madzi atadikha pamwamba pa injini. Amene anandigulitsa sakuyankhanso foni, mlamu wanga amene anandithandiza kumanga mabawuti akuti izi sizikumukhudza pomwe ndi yemweyo anandikandira penti, ndipo kunyumba akundinena kuti ndinataya ndalama pa chinthu chongodzionetsera. Kodi madziwa andiwonongera injini?

Wosakonda Zosinthasintha: Bambo, mavutowa mwadziputira nokha. Akatswiri amene anapanga galimoto yanuyo sanaiwale kuboola boneti, anaisiya yotseka mwadala. Madzi sapanikizika ngati mpweya, choncho akalowa mu silinda pistoni ili kukwera, chitsulo cholumikiza pistoniyo chimapindika ndipo injini imathera pomwepo. Ine zinandionekera ndipo galimoto yanga inakhala miyezi yambiri ili pa miyala. Bwezeretsani boneti yakale lero lomwe.

Makaniko Wakale: Achimwene, tiuzeni bwino, madzi amene anapha injini yanuyo anadzera pa boneti?

Wosakonda Zosinthasintha: Ndinkawoloka msewu wosefukira, koma madzi ndi madzi basi.

Makaniko Wakale: Ndiye kuti nkhani yanu ndi ina, ndipo musawaopseze nayo anzanu. Kuti injini ife mwa njira imeneyo pamafunika kuti paipi yokokera mpweya imwe madzi ambiri nthawi imodzi, monga zimachitikira ikamira. Madontho a mvula ogwera pamwamba pa injini alibe polowera mu silinda. Tisaiwalenso kuti chipinda cha injini sichinakhalepo chouma, chifukwa mukamayenda m'mvula madzi amalowa kudzera kutsogolo kwa rediyeta ndiponso amathovukira kuchokera pansi, n'chifukwa chake polumikizira mawaya ambiri pamakhala timphira totchinga madzi. Chimene ine ndimaopa ndi madzi odontha malo amodzimodzi galimoto itaima usiku wonse. Akadikha m'maenje a mapulagi, pansi pa makoilo amene amapereka moto ku mapulagiwo, injini imayamba kudumphadumpha, ndipo akamagwera pa alternator (chipangizo chotchaja batire), pa bokosi la mafyuzi kapena pa mitu ya batire, dzimbiri limabwera pang'onopang'ono. Bambo wofunsa, galimoto yanu ndi ya mtundu wanji, ndipo mukasuzumira pa zibowozo mukuona chiyani pansi pake?

Wanthabwala: Ine ndikuona kuti vuto lalikulu pano ndi mlamuyo, ndipo ndikupempha kuti mvula ikayamba aziima pafupi ndi galimotoyo atagwira ambulera mpaka ngongole ya penti ithe.

Wosakonda Zosinthasintha: Sekani, koma tsiku lina mudzandikumbukira. Anthu a masiku ano amafuna galimoto yooneka ngati ya mpikisano pomwe amangoyendera kupita kuntchito. Palibe kampani yanzeru imene ingagulitse galimoto yoboola pamwamba.

Wokonda Mipikisano: Pamenepo mwalakwitsa, akulu. Mitsubishi Lancer Evolution inkatuluka ku fakitale ili ndi chibowo pa boneti, ndipo Subaru Impreza WRX ili ndi khomo lolowetsa mpweya limene mvula imadutsamo n'kugwera pa intercooler (chipangizo choziziritsa mpweya wolowa mu injini) popanda vuto lililonse. Ford Mustang Shelby GT500 ya 2020 inabwera ndi chibowo chachikulu chokhala ndi thireyi yotchinga mvula pansi pake, imene mwini wake amachotsa akapita pa bwalo la mpikisano. Kusiyana kwake n'kwakuti akatswiriwo anadziwa chimene chili pansi pa chibowocho, pomwe opanga maboneti ogulitsa padera ena amangoboola pamene paoneka bwino. Komanso malo a chibowo ndi ofunika pa ntchito yake. Chikakhala chakutsogolo, kuseri kwa rediyeta, mphepo yodutsa pamwamba imakoka mpweya wotentha kutuluka, koma chikayandikira galasi lakutsogolo mpweya umakankhidwira mkati m'malo motuluka.

Mayi Woyendetsa: Inu nonse mukukamba za madzi, koma ine chimene chinandichititsa mantha ndi loko. Boneti yanga yopepuka inkagwedezeka ndikathamanga, mpaka ndinakaikitsa mapini awiri oigwira kutsogolo. Boneti ikatseguka muli pa liwiro imamenya galasi ndipo simuonanso msewu. Bambo, yang'anani zimenezo musanadandaule za mvula.

Wosakonda Zosinthasintha: Mwamva, tsopano tafika pa mapini. Mawa mudzafuna thireyi, mkuja mudzafuna chophimba galimoto, ndipo zonsezi mukuvutikira chinthu chimene sichinali chowonongeka. Thireyi yanuyo ikatseka chibowo, phindu la chibowocho lili pati?

Wokonda Mipikisano: Thireyi yabwino imasiya mpata m'mbali woti mpweya uzitulukira ndipo madzi imawalondolera kutali ndi zamagetsi, ngakhale n'zoona kuti imachepetsako mpweya wotuluka.

Wofunsa: Zikomo nonse. Ndailiza ndipo yalira bwinobwino, kungoti panatuluka nthunzi pang'ono ndipo lamba analira kwa kanthawi. Mlamu uja wabwera kudzabwereka jeke ngati kuti palibe chimene chinachitika. Ndinaiwala kunena kuti iye yemweyo anasinthanso china chake cha mpweya chaka chatha.

Makaniko Wakale: Nthunziyo ndi madzi ogwera pa ekizozi yotentha, ndipo lamba wonyowa amalira mpaka aume, choncho zimenezo zisakudetseni nkhawa. Koma mawu anu omalizawo ndi amene tinkafunika kumva poyamba. Ngati mlamu wanuyo anachotsa bokosi lotseka la fyuluta ya mpweya n'kuikapo fyuluta ya pamtunda yooneka ngati chulu, ndipo chibowo chili pamwamba pake penipeni, ndiye kuti fyulutayo ikumanyowa ndipo chinyezicho chingasokoneze sensa yoyeza mpweya imene imakhala kuseri kwake. Injini itazizira, zulani makoilo muone ngati m'maenjemo muli madzi, kenako tsekani boneti, muwalitse tochi pa chibowo chilichonse, mujambule zimene zikuoneka pansi n'kutitumizira pamodzi ndi dzina la galimotoyo.

Wosakonda Zosinthasintha: Boneti yakale ija mudakali nayo, kapena nayonso inapita ndi mlamu?