Mlatho kapena mjigo: asankhe ndani?

Wapampando: Abale, zikomo nonse amene mwasonkha. Komiti yaganiza kuti tiyambe ndi kamlatho ka kumudzi kamene kanakokoloka ndi namondwe wa Freddy mu 2023. Mukuti bwanji?

Mayi a ku Ndirande: Pepani a wapampando, komiti yake iti, ya kuno kutauni kapena ya kumudzi? Tinene zoona, ife mlathowo tikuufuna chifukwa galimoto zathu zimathera kutsidya tikamapita kumaliro. Apongozi anga akuti mjigo unafa kalekale, amayi akutunga kudambo komwe mbuzi zimamwanso. Kolera ija mwaiwala? Mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre muno zinachedwa kutsegulira chifukwa cha iyo.

Achimwene a ku Bangwe: Koma mayi, ndalamazi ndi zathu. Wosonkha ndiye azikhala ndi mawu. Za mjigo akapemphe ku CDF, thumba lija la chitukuko cha m'dera la phungu.

Agogo a ku Chilomoni: Iwe mwana, zimenezo ndiye thangata. Mchenga akatuta ndani? Miyala akaswa ndani? Si omwewo ukuwamana mawuwo? Ife nthawi ya Kamuzu tinkaumba njerwa pa Youth Week, zitukuko za MASAF tinazionanso. Chimene anthu asankha okha amachilondera. Chongowabweretsera amati "ndi cha a kutauni", chikawonongeka amangopinda manja kudikira eni ake.

Achimwene a ku Bangwe: Ndamva agogo, koma mlatho si wa magalimoto okha. Mtsinje ukadzaza, mayi wodwala amawoloka bwanji usiku? Nanga ana a sukulu?

Mphunzitsi wa ku Chirimba: Apo mwanena zomveka. Komabe mijigo ya Afridev kawirikawiri imaima chifukwa cha timalabala takutha kapena paipi yong'ambika. Tifunse kaye mmisiri wa m'deralo mtengo wake, mwina zotsala zingagule simenti. Kungoti phungu aliyense wofuna kuthandiza athandize, koma pakhoma pasalembedwe dzina la munthu kapena la chipani.

Msungichuma: Ine changa n'chimodzi. Sindituma ngakhale tambala pa Mpamba popanda lisiti kujambulidwa n'kuikidwa pagulu pano.

Wapampando: Chabwino, komiti isiye kaye. Ndiwaimbira a gulupu aitanitse VDC, komiti ya chitukuko ya kumudziko, ndi anthu onse Loweruka, tikamve okha.

Mayi a ku Ndirande: Amayi akakhale pabwalo pomwepo, osati kuseri akukuphikirani nsima.

Achimwene a ku Bangwe: Ine ndipita nawo. Koma thiransipoti aliyense yake, isachoke m'thumba la gulu.