Madola awiri a Morgan, 1893-S ndi 1889-CC: mwiniwake ndimuuze mtengo wanji Lachisanu?

Wapasikelo, Johannesburg

Akuluakulu anzanga a ntchito ino yogula siliva ndi ndalama zakale, ndikupempha nzeru mwamsanga, chifukwa abwana ali ku Cape Town mpaka sabata yamawa, foni yawo sikupezeka, ndipo shopu yonse andisiyira ine. Dzulo masana kunabwera mayi wina ndi chitini cha mabisiketi momwe munali madola 14 a siliva a ku America, amene akuti anawapeza m'kabati ya malemu bambo awo. Madola 12 ndi wamba, a mtundu wa Morgan a 1921 ndi a mtundu wa Peace a 1922 ndi 1923, ndipo amenewo sakundidetsa nkhawa. Amene andisowetsa tulo ndi awiri otsalawo, onse a Morgan, loyamba la 1893 lokhala ndi chilembo S chosonyeza kuti linasulidwa ku San Francisco, linalo la 1889 lokhala ndi CC cha ku Carson City. Pasikelo akulemera magalamu 26.5 ndi 26.6, zomwe sizodabwitsa pa ndalama zoperepeseka, m'mimba mwake ndi mamilimita 38.1, maginito sakugwira, ndipo akulira bwino. Chondikwiyitsa china n'chakuti mnyamata amene timagwira naye ntchito anapukuta ma Peace atatu ndi polishi ine ndili kubanki. Mayiwa abweranso Lachisanu ndipo akufuna ndalama pamanja. Ndikalipira mtengo wa ndalama zosowa kenako n'kupezeka kuti ndi zachinyengo, ntchito yandithera, koma ndikalipira mtengo wa siliva yekha zili zenizeni, ndiye kuti ndabera munthu wofedwa.

Mkulu wa ku Durban

Achimwene, ngati sikelo yavomera, maginito akana, ndipo ndalama ikulira nthawi yaitali mukaiika pachala n'kuigogoda, ndiye kuti ndi yeniyeni. Morgan watsopano amalemera magalamu 26.73, magawo 90 pa 100 ndi siliva ndipo otsalawo ndi mkuwa. Zachinyengo zonse zimene zadutsa m'manja mwanga zinagwa pa sikelo kapena pa kulira. Ine khutu langa silinandinamizepo.

Mayi wa ku Leeds

Akulu, ndi ulemu wonse, mayeso amene mwatchulawo amangoyankha funso lakuti ndalamayo ndi ya siliva kapena ayi, pomwe funso la achimwenewa ndi la chilembo. Mu 1889 ku Philadelphia anasula madola a Morgan oposa 21 miliyoni opanda chilembo chilichonse, pomwe ku Carson City anasula 350,000 okha. Munthu wachinyengo amatenga dola lenileni la ku Philadelphia n'kumatapo CC kumbuyo, pansi pa nkhata ya masamba, pamwamba pa D ndi O wa mawu akuti DOLLAR. Ndalama yotereyi imalemera bwino ndiponso imalira bwino chifukwa ndi siliva weniweni wa boma la America. La 1893-S ndiye loopsa kwambiri, popeza anasula 100,000 okha, m'chaka cha mavuto aakulu azachuma chimene lamulo la Sherman logulira siliva linathetsedwa. Ena amamata S pa la ku Philadelphia, ena amasema 8 womaliza wa 1898-S kuti aoneke ngati 3. Tengani galasi lokuzira kakhumi, muyang'ane m'mbali mwa chilembocho ngati muli kamzere kolumikizira, mtundu wosiyana, kapena tizipsera ta chida. Pa 1893-S yang'ananinso chilembo T cha mawu akuti LIBERTY pamutu pa mkazi wojambulidwa pa ndalamayo: enieni onse anadindidwa ndi chidindo chimodzi cha kumaso, ndipo m'chilembocho muli kamzere kopendekeka. Koma samalani, chifukwa pa ndalama yoperepeseka kamzereka kamavuta kuona, ndipo achinyengo nawonso anawerenga mabuku omwewo.

Wapasikelo, Johannesburg

Zikomo mayi. Ndayang'ana ndi galasi mpaka maso kuwawa. Mkati mwa CC mwadzaza litsiro lakuda lolimba, moti sindikutha kuona pamene chilembo chikukumana ndi ndalama. Kodi ndingachotse litsirolo ndi singano, kapena ndidonthezere asidi pang'ono m'mphepete?

Wokonza Ndolo, Pretoria

Chonde musayerekeze. Singano imasiya chipsera chimene ogula amachiona nthawi yomweyo, ndipo asidi ndi wa maunyolo ndi ndolo, osati ndalama za osonkhanitsa. Dziwaninso kuti litsiro lodzaza pa chilembo chokha, kwina konse kuli koyera, nthawi zina amalipaka dala pofuna kubisa pomatira, choncho lisiyeni momwemo likhale umboni. Ine ndinaphunzira ndi misozi zaka zapitazo. Bambo wina anabwera ndi dola la 1886 lokhala ndi CC, lolemera bwino, ndipo ndinalilipira ndi ndalama za m'thumba mwanga ndikuganiza kuti ndatola chikwama. Usiku nditatsegula buku la ndalamazi ndinapeza kuti ku Carson City sanasule Morgan aliyense mu 1886, 1887 ndi 1888. Anasula kuyambira 1878 mpaka 1885, n'kuyambiranso 1889 mpaka 1893. Dola limenelo ndikadali nalo m'dirowa.

Mkulu wa ku Durban

Nkhani yanuyo ikungosonyeza kuti simunawerenge buku musanalipire. Zaka za achimwenewa zilimo m'buku, sikelo yavomera, kulira kwavomera. Ndikubwereza kuti ndi zenizeni.

Mayi wa ku Leeds

Akulu, dola la ku Philadelphia lomatidwa CC lidzalira chimodzimodzi ndi la ku Carson City, chifukwa chitsulo chake ndi chimodzi. Za polishi ija, achimwene, muwauze mayiwo zoona ndipo shopu ivomere kulakwa, ngakhale kuti pa ma Peace a 1922 kutayako ndi kochepa popeza ndi ochuluka zedi. Kuno kunabwera mnzathu wa kumudzi ndi Morgan wa CC amene anapatsidwa ndi gogo yemwe ankamusamalira. Pofuna kuti aoneke bwino anamukwecha ndi phulusa ndi mandimu monga timatsukira mapoto kwathu. Anafika akunyezimira, koma pansi pa galasi tsaya lonse la mkazi wa pa ndalamayo linali timizere tokhatokha, ndipo mtengo unatsika kwambiri. Mnzathuyo analira pakauntala ndipo ine ndinasowa mawu omutonthozera.

Mphunzitsi Wopuma, Harare

Ndiloleni ndionjezere za mbiri, chifukwa imathandiza poika mtengo. Chiwerengero cha amene anasulidwa sichinena amene atsala. Lamulo la Bland-Allison la 1878 linakakamiza boma kugula siliva wa m'migodi ya kumadzulo, monga ya Comstock ku Nevada, n'kumusula madola amene anthu ambiri sankawafuna, choncho ankangounjikidwa m'matumba a madola 1,000. Mu 1918 lamulo la Pittman linachititsa kuti madola oposa 270 miliyoni asungunulidwe, ndipo siliva wambiri anagulitsidwa kwa Britain kuti apite ku India. Otsalawo anakhala m'zipinda za boma zaka zambiri. Dola la 1903-O la ku New Orleans linkaonedwa ngati losowa kwambiri mpaka 1962, pamene matumba ake anatulutsidwa ndipo mtengo unagweratu. Pakati pa 1972 ndi 1980 bungwe la boma la America lotchedwa GSA linagulitsa a CC amene anatsala, ndipo n'chifukwa chake a 1882, 1883 ndi 1884 osagwirapo ntchito amapezeka mosavuta, pomwe 1889-CC idakali yosowa. Ndikunena izi kuti muone kuti madola awiri osowa chotere kupezeka m'chitini chimodzi pamodzi ndi 12 wamba ndi chinthu chofuna kusamala, ngakhale sichosatheka. Afunseni mayiwo ngati malemu anasiya malisiti kapena kabuku kolembamo zimene ankagula.

Wokonza Ndolo, Pretoria

Njira yokha imene ine ndingatsate ndi kugula 12 aja pa mtengo wa siliva, pafupifupi magalamu 24 a siliva weniweni pa dola lililonse, ndipo awiriwo osawagula Lachisanu. Lembani pangano lakuti atumizidwa ku NGC kapena PCGS, makampani otsimikizira ngati ndalama ndi yeniyeni, kudzera mwa wogulitsa wovomerezeka, muwajambule mbali zonse mayiwo akuona, mulembe kulemera kwake, nonse musayine. Zimatenga nthawi ndiponso zimadya ndalama, ndiye mugwirizane za wolipira zikabwerera zitakanidwa. Komanso musatchule mtengo uliwonse ndi pakamwa, chifukwa munthu amasunga nambala yaikulu imene wamva, ndipo zikadzalephereka adzati munamusinthira ndalama zake.

Mkulu wa ku Durban

Mudzatumiza kunja, mudzadikira miyezi, ndipo pomwepo mayiwo adzakhala atapita kwa wa pakona amene adzawapatsa mtengo wa siliva. Ine ndikanaziliza pakauntala n'kugula. Sikelo ndi khutu ndi zokwanira.

Mayi wa ku Leeds

Musazigwetsere pakauntala, achimwene, m'mphepete mungaphwanyike. Tumizani chithunzi cha T uja ndi cha CC, chojambulidwa pafupi ndi zenera popanda kuwala kwa foni, ndiyerekeze ndi zimene ndili nazo kuno.

Mphunzitsi Wopuma, Harare

Podikira zithunzizo, alipo amene anagwirapo Trade dollar, ndalama ya siliva imene America inasulira malonda a ku Asia, yokhala ndi zidindo za amalonda a ku China? Ndapatsidwa ya 1877-S ndipo ikulemera magalamu 26.7, pomwe yeniyeni iyenera kuyandikira 27.22, ndiye ndikufuna kudziwa ngati kuperepeseka kokha kungachotse theka la galamu pa ndalama imene zilembo zake zikuonekabe bwino chonchi.