Abwana akufuna kulemba consultant pa fakitale yathu, zimathandizadi?

WaKuChirimba:
Abale ndithandizeni maganizo. Ndimagwira ntchito pa kafakitale kena kuno ku Blantyre, timapanga zidebe, mabeseni ndi makapu apulasitiki, ine mbali yanga ndi kuoda zipangizo ndi kuyang'anira sitoko. Ndiye abwana apeza consultant wina, munthu waulemu ndithu, wazungulira fakitale yonse masiku awiri kenako akuti tikusunga resin (timibulu ta pulasitiki timene timasungunula popanga katundu) wambiri mosafunika, matumba angodzaza mu warehouse ndalama zagona pamenepo, akuti tiyambe just in time ngati a Toyota, tizioda pang'onopang'ono nthawi imene tikufuna basi. Ine mtima sukukhazikika chifukwa amene amathamanga ku banki kukapempha forex ndi ineyo ndipo ndikudziwa mmene imachedwera. Kaya mwina ndikungoopa zachilendo. Amene munagwirapo ndi anthu amenewa tandiuzeni.

Makina_Joni:
Achimwene musamukaniretu munthuyo. Ine ndagwira zaka zambiri pa makina a injection kuno ku Joni ndipo consultant atabwera kwathu tonse tinkamuyang'ana ndi diso lofiira, koma zimene anachita zinali zophweka, anaima pambali pa makina ndi wotchi kuwerenga nthawi imene timatenga posintha chikombole, kuchotsa cha chidebe kuika cha beseni. Tinkatha pafupifupi theka la shifiti makina ali chete, wina akusaka sipanala, wina wapita kukayang'ana forklift, chikombole chatsopano sichinafike nkomwe pafupi. Iye anangoti chilichonse chimene mungakonzeretu makina akuyenda konzeranitu, zida zikhale pa bolodi pamalo pake, muzimitse makina zonse zili pafupi. Nzeru imeneyi ndi ya Shigeo Shingo wa ku Japan, amaitcha SMED, cholinga chake kusintha kusafike mphindi 10. Ife pa 10 sitinafikepo koma nthawi inatsika kwambiri osagula makina atsopano. Mumufunsenso za mareject, zidebe zimene zimatuluka zopindika nkumazigayanso, magetsi ndi nthawi zimathera pamenepo koma palibe amene amalemba.

Mayi_Procurement:
Zimene anena a Makina_Joni ndi zoona, mkati mwa fakitale mulandireni. Koma pa resin ndiye ayi, imani nji. Just in time inayenda ku Toyota nthawi ya Taiichi Ohno, mkulu amene anaikhazikitsa kumeneko, chifukwa makampani ambiri owapangira zipangizo anali pafupi, kuzungulira Toyota City komweko ku Aichi, lole imatha kubweretsa katundu kangapo pa tsiku. Inuyo resin wanu wa polypropylene akuchokera kuti? Ngati si ku South Africa ku kampani ya Sasol ndiye ndi kutsidya kwa nyanja, atsike pa Beira kapena Durban, adutse Tete, aime pa boda ya Mwanza, ndipo zonsezi zisanayambe mudikire kaye banki ikupatseni madola. Kumbukirani namondwe wa Idai mu Malichi 2019 mmene inasakazira Beira, amene analibe sitoko makina anazima antchito nkumangokhala. Ndiyenso kwacha inagwa ndi 25% mu Meyi 2022 kenako 44% mu Novembala 2023, amene anali ndi matumba mu warehouse anapuma, amene anasunga makwacha ku banki kudikira kuoda mwezi wamawa analira. Kuno thumba la resin limasunga mtengo kuposa ndalama.

Ndipo a Toyota eni akewo chivomerezi cha ku Japan cha mu 2011 chitawaimitsira mafakitale anasintha, anayamba kuonetsetsa kuti zinthu zovuta kupeza ngati ma chip (tizipangizo ta kompyuta ta m'galimoto) zikusungidwa za miyezi ingapo. Ndiye consultant wanuyo mumuuze agawe katundu pawiri. Makatoni, malebulo, zogwirira za waya ngati mumagula konkuno, zimenezo odani pang'onopang'ono palibe vuto. Zochokera kunja muwerengere limodzi masiku kuyambira tsiku lopempha forex mpaka lole kulowa pa geti, osati masiku amene supplier analemba pa quotation, mutenge ma oda anu a chaka chathachi muone imene inachedwetsetsa. Sitoko yanu iyambire pamenepo. Chinanso musadalire supplier mmodzi, ngakhale wachiwiriyo atakhala wodulirapo pang'ono muzimupatsako ka oda kuti tsiku la mavuto adzakuyankheni foni.

Che_Foromani:
Langa ndi limodzi, antchito auzidwe chilungamo kuyambira tsiku loyamba. Anthu akangomva kuti kwabwera munthu wa efficiency amadziwa kuti ena achotsedwa, ndiye amabisa mavuto, makina akamavuta sanena, iye nkulemba lipoti lokongola losagwirizana ndi zimene zili pansi. Kwathu zinatero, lipoti lili mu kabati mpaka lero. Abwana anu anene poyera ngati ntchito za anthu zili zotetezeka. Komanso pa kontrakiti gawo lina la malipiro ake lidikire zotsatira, akhale nanu miyezi ingapo pa floor osati kungosiya mapepala nkumapita.

WaKuChirimba:
Zikomo kwambiri nonse. Mayi mwanena zimene zimandisowetsa tulo koma ndimalephera kuzifotokoza bwino pamaso pa abwana. Usiku uno nditulutsa mafayilo a ma oda onse akunja ndilembe tsiku lopempha forex ndi tsiku lofika katundu, Lolemba tili ndi mitingi ndi consultant uja ndikamuonetse. Za chikombole zija a Makina_Joni ndamuuza kale foromani wathu, akuti mawa ayesa kuwerenga nthawi pa makina a zidebe.