Chosendera choyenera makonekita opana pa zingwe za wailesi za RG-58 ndi LMR-400

Wofunsa:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndikukonza zingwe za mlongoti wa wailesi wa mabandi (magawo a mafunde a wailesi) a mamita 2 ndi masentimita 70, ndipo chingwe chokwera pamwamba ndi LMR-400 chomwe chikufuna makonekita a N, pomwe tizingwe tifupi ta pafupi ndi wailesi ndi ta RG-58 ndi makonekita a BNC. Makonekita onsewa ndi opana, kutanthauza omangidwa pa chingwe pofinya kachubu kachitsulo ndi chopanira. Chosendera chomwe ndili nacho ndi cha zingwe za TV, ndipo pa RG-58 chikumadula ukonde wa mawaya pamalo olakwika, pomwe LMR-400 sikulowa n'komwe. Kodi ndigule chosendera chimodzi chosinthika, kapena chingwe chilichonse chikhale ndi chake?

Mmisiri wa ma repeater:
Achimwene, chosendera cha TV chinapangidwira RG-6 ndi RG-59 pamodzi ndi konekita ya F, ndipo zambiri zimadula pawiri pokha, pa mamilimita 6.35 ndi mamilimita 6.35 ena, chifukwa pa F waya wapakati ndi womwewo umagwira ntchito ngati pini. BNC yopana imafuna kudula patatu: khungu lakunja, ukonde, kenako pulasitiki yoyera yozinga waya wapakati, chilichonse pa utali wake. Choncho pa RG-58, yomwe kunenepa kwake ndi pafupifupi mamilimita 5, pezani chosendera chozungulira cha timipeni titatu, chokhala ndi timasikuluwu tokwezera ndi kutsitsira mpeni uliwonse paokha. Koma musanagule, yambani mwaona pepala la miyeso la konekita yanuyo, chifukwa ma BNC a makampani osiyana safuna utali wofanana, ndipo chosendera chomwe mipata ya timipeni take sigwirizana ndi pepalalo chidzakuvutitsani ngakhale chikhale chakuthwa bwanji.

Womanga milongoti:
Zimenezo ndi zoona pa RG-58, koma pa LMR-400 ine sindingakulimbikitseni chosinthika. Anthu amaona kuti kunenepa kwake, pafupifupi mamilimita 10.3, n'kofanana ndi kwa RG-213, n'kuganiza kuti chosendera chomwe anachitchera pa china chigwiranso pa chinzake, pamene mkati mwake zingwezi n'zosiyana kwambiri. RG-213 ili ndi pulasitiki yolimba ndi waya wapakati wa timawaya 7 ta kopa. LMR-400 ili ndi pulasitiki ya thovu yofewa, yokutidwa ndi kapepala ka aluminiyamu komatidwa pansi pa ukonde, ndipo waya wake wapakati ndi umodzi wa aluminiyamu wokutidwa ndi kopa pamwamba pokha. Mpeni ukangoukanda wayawo, mwadula kopa yemwe mafunde a wailesi amayendamo, popeza pa VHF ndi UHF, momwe muli mabandi anu awiriwo, magetsi amayenda chakunja kwa waya, ndiponso mwasiya pofooka pomwe aluminiyamu adzathyokere chingwe chikamagwedezeka ndi mphepo. Choipa kwambiri n'chakuti vutoli silioneka tsiku lomwelo, limadzaonekera konekita ili kale pamwamba pa mlongoti. Kampani ya Times Microwave, yomwe imapanga LMR-400, ili ndi zosendera zopangidwira chingwe chimenechi, ndipo ngati makonekita oti muike ndi ambiri, chimenecho ndiye choyenera kugula.

Katswiri wopuma pantchito:
Mpeni wakuthwa ndi rula zimathanso ntchitoyi ngati makonekita ndi ochepa ndipo dzanja ndi lozolowera. Chomwe ndingawonjezere n'chakuti musadule chingwe ndi pulayala wamba, chifukwa amachiphwanya n'kuchisiya chophwatalala, ndipo chosendera chozungulira chikamayenda pa chingwe chotere chimalowa kwambiri mbali imodzi, mbali ina osafika. Gwiritsani ntchito chodulira cha milomo yokhota.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga kuya kwa timipeni pa RG-58 ndikutchere bwanji?

Mmisiri wa ma repeater:
Yambani timipeni tonse tili m'mwamba, muziyesa pa tizidutswa totsala ta chingwe chomwecho, n'kumatsitsa mpeni umodzi pa nthawi pang'onopang'ono. Mpeni wa khungu lakunja ungolemba mzere wozama moti khungulo ling'ambike mukalipinda, osakhudza ukonde, ndipo mukaona timawaya ta ukonde tikugwa pamenepo ndiye kuti mwatsitsa mopitirira. Mpeni wa pulasitiki yoyera uime usanafike pa waya, ndipo kotsalako mukachotse popotoza ndi zala. Kachubu kopanira kalowetseni pa chingwe musanasende. Mukasintha kampani ya RG-58, yesaninso, chifukwa makungu ake sakhuthala mofanana. Chopanira chanu chikhale ndi mano a 0.213 inchi a kachubu ndi a 0.068 inchi a pini, omwe ma BNC ambiri a RG-58 amafuna.

Womanga milongoti:
Pa LMR-400 kachubu kamafuna mano a 0.429 inchi. Musanalowetse pini, yang'anitsitsani kumaso kwa thovu lija ndi galasi lokulitsa, chifukwa kachidutswa ka aluminiyamu kapena kawaya kamodzi ka ukonde kokhudza waya wapakati ndi kokwanira kupanga shoti. Mukatha kupana, yesani ndi multimeter (choyezera magetsi) pakati pa pini ndi thupi la konekita mlongoti usanalumikizidwe, chifukwa milongoti ina imaonetsa shoti ya DC mwa kapangidwe kake, kenako muike dummy load (chipangizo cholowa m'malo mwa mlongoti poyesa) ya maohm 50 kumapeto n'kuona SWR (muyeso woonetsa mphamvu yobwerera ku wailesi) pa bandi ya masentimita 70, pomwe zolakwika zimaonekera msanga kuposa pa mamita 2.

Wofunsa:
Ndamva bwino. Ndigula cha timipeni titatu cha RG-58 ndi chapadera cha LMR-400, ndipo ndiyamba ndayesa pa zidutswa ndisanakhudze chingwe chokwera pamwamba.